The Bangles: mawu anayi amene situdiyo inawalekanitsa

Amene anakula akutchera khutu ku wailesi m'zaka za m'ma 1990 amaidziwa "Eternal Flame". Ena anaimva kwa eni ake, The Bangles, ena kwa Atomic Kitten amene anaiimbanso mu 2001. Ndi nyimbo yokoma, sindikana. Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu ambiri amalidziwira gululi pa nyimbo imene luso lake lenileni silimveka.

Gululi linayamba ku Los Angeles mu 1981. Susanna Hoffs ankaimba gitala, Vicki Peterson gitala lotsogolera, mng'ono wake Debbi Peterson ng'oma, ndipo mu 1983 Michael Steele anabwera kudzagwira besi. Onse anayi ankaimba pakamwa, onse ankapeka nyimbo, ndipo panalibe mmodzi woti n'kumuloza kuti mwini gulu ndi uyu.

Kuti mumve chimene ndikunena, yambani ndi chimbale chawo cha 1984, All Over the Place. Pa "Hero Takes a Fall" magitala akuthamanga, mawu ake owala ngati malata atsopano padzuwa. Hoffs akayambitsa mzere, anzake sadikira kolasi kuti alowe. Amamuthirira mang'ombe pompo, wina m'mwamba, wina pansi, mpaka khutu limasiya kufunsa kuti akutsogolera ndani. Amene anamvapo amayi a Mvano kapena a Chigwirizano akuimba pamaliro akudziwa mphamvu imeneyi: mawu a munthu mmodzi amakula chifukwa ena awanyamula. Pa "Going Down to Liverpool" amatsogolera ndi Debbi, woimba ng'oma uja, ndipo mawu ake odekha, osakometsera, amaiyenera nkhani ya ulova imene ili m'nyimboyo.

Different Light, cha 1986, ndicho chinawatchukitsa, ndiponso ndicho chinayamba kuwagawa. "Manic Monday" anaipeka ndi Prince, pobisala m'dzina loti Christopher, ndipo inafika pa nambala 2 ku America, kumbuyo kwa "Kiss" ya Prince yemweyo. Apa magitala abwerera kumbuyo, kiyibodi yapita patsogolo, ndipo anzake a Hoffs asanduka ongovomera. "Walk Like an Egyptian", yopekedwa ndi Liam Sternberg, inafika pa nambala 1, koma kugunda kumene mumavina nako n'kwa makina. David Kahne, amene anajambula chimbalecho, anagawa ndime zitatu kwa Vicki, Michael ndi Susanna. Debbi anatsala wopanda ndime, wopandanso ng'oma zake. Taganizani: nyimbo imene dziko lonse likukudziwirani, inu woimba ng'oma mwangoima pambali ndi chisekese m'manja.

Komabe m'chimbale chomwecho muli "Following" ya Michael Steele, imene wailesi sinaisamale. Ndi gitala louma ndi mawu okhuthala amene akuchita ngati akulankhula m'malo moimba. Steele amasiya mipata pakati pa mizere, ndipo mkwiyo wa nyimboyo umakhala m'mipatamo. Ine ndimaibwereza kuposa zotchuka zija.

Nyimbo imene ndimati apa ndiye The Bangles yeniyeni sili pa zimbale zawo zitatu zoyamba. Ndi "Hazy Shade of Winter" ya 1987, yomwe poyamba inali ya Simon & Garfunkel, imene anaijambula ndi Rick Rubin kuti ikhale mu filimu ya Less Than Zero. Imayamba ndi mawu awo mwakachetechete, kenako gitala la Vicki limang'amba bata lija, ng'oma za Debbi n'kugwa ngati matalala padenga. Pafupifupi nyimbo yonse amaiimbira pamodzi. Paul Simon anaipeka ngati nkhawa ya mnyamata woganiza kwambiri. The Bangles anaisandutsa liwiro la anthu amene nthawi ikuwathamangitsadi. Inafika pa nambala 2, umboni woti omvera sankadana ndi phokoso lawo lenileni.

Kenako Everything, mu 1988, ndi "Eternal Flame" ija. Hoffs anaipeka ndi Billy Steinberg ndi Tom Kelly, osati ndi anzake a m'gulu. Mawu ake osweka pang'ono pokwera amakhudza mtima, koma magitala aja mulibe, ndipo atatu enawo akumveka chapatali. Inafika pa nambala 1 ku America ndi ku Britain mu 1989, ndipo chaka chomwecho gulu linatha. Anadzakumananso patapita zaka pafupifupi 10, natulutsa Doll Revolution mu 2003.

Kuno kwathu tinazolowera kuona mkazi ali ndi maikolofoni kutsogolo, amuna atagwira zida kumbuyo. N'chifukwa chake ndikaona atsikana a Daughters Band a ku Music Crossroads ku Lilongwe atagwira okha besi ndi ng'oma, ndimakumbukira Debbi Peterson, ndipo ndimalakalaka kuti tsiku lolowa mu situdiyo wojambula asadzawauze kuti ng'omazo aika za pa kompyuta.