Filimu ya m'basi ya ku Chipata ndi malikisi a pafoni

Basi yochoka pa Intercity ku Lusaka, mu msewu wa Dedan Kimathi, kupita ku Chipata imadya mtunda wa makilomita oposa 550. Mlaliki akatsiriza pemphero n'kutsika, basi ikadutsa Chelstone kulunjika ku Chongwe, kondakitala amatsomeka fulashi ndipo kanema amayaka. Safunsa munthu. M'mipandomo muli agogo obwerera ku Petauke, mayi wa salaula, mwana wasukulu ndi mnyamata wotseka makutu ndi mahedifoni, ndipo onsewa filimu yawo ndi imodzi.

Kondakitalayu sanalembepo ndemanga ya filimu, koma amasankha motsata mayeso ovuta kuposa a akatswiri ambiri. Amadziwa kuti injini idzameza mawu, kuti wokhala kumbuyo amaona kanema ngati kabokosi ka machesi, ndi kuti pa Luangwa anthu adzatsika kukagula nsomba n'kubwerera ataiwala pamene nkhani inalekezera. Filimu yoti ipirire zonsezi iyenera kulankhula ndi zithunzi. N'chifukwa chake mafilimu a ku Nigeria a Chinedu Ikedieze ndi Osita Iheme, amene onse amangowatchula kuti Aki ndi Pawpaw, sakalamba pamsewuwu. Chimodzimodzi a malemu John Okafor, Mr Ibu, amene nkhope yake yokha inkanena kuti waba kanthu asanatsegule pakamwa. Luso limeneli si lapansi ayi. Ndi lomwe lija la Charlie Chaplin, lopangitsa thupi, nkhope ndi kaimidwe ka kamera kusenza nkhani yonse.

Koma kuseka kwa m'basi kuli ndi malire ake. The Gods Must Be Crazy ya Jamie Uys, ya mu 1980, ingapambane mayesowa mosavuta: botolo la Coca-Cola likugwa kuchokera m'ndege, ndipo aliyense wamva nkhani. Phwete la anthu silingakuuzeni kuti filimuyo inapangidwa mu South Africa ya tsankho, kapena kuti imaonetsa anthu a mtundu wa San ngati ana osadziwa za dziko.

Mnyamata wa mahedifoni uja ali ndi woweruza wina m'thumba. Asanawononge bandulo pa filimu, amayang'ana kaye nambala. Vuto n'lakuti ambiri timawerenga manambalawa ngati malikisi a mayeso a giredi 12, pamene kawerengedwe kake n'kosiyana. Pa Rotten Tomatoes, 90 peresenti sikutanthauza kuti filimu yakhoza 90 mwa 100. Ikutanthauza kuti mwa olemba ndemanga 100 alionse, 90 anati ndi yabwino, kaya anaikonda kwambiri kaya anangoti ilibe vuto. Filimu yofatsa, yosakwiyitsa munthu, ingakwere pamwamba, pamene yolimba mtima, imene ena anaikonda koopsa ndipo ena anaida, ingakhale pafupi ndi 60, pamalire pomwe tomato amayamba kutchedwa wabwino. IMDb ndi yosiyana: aliyense wolembetsa amapereka kuyambira 1 mpaka 10, ndipo kampaniyo siulula njira yonse imene imayezera mavotiwo. Pa filimu ya mavoti mamiliyoni monga The Shawshank Redemption, nambalayo imanena kanthu ndithu. Pa filimu yojambulidwa ku Kabwata yokhala ndi mavoti ochepa, abale ndi anzake a ochita sewero akhoza kuikweza madzulo amodzi. Netflix inasiya nyenyezi zisanu mu 2017 n'kuika chala chammwamba ndi chammunsi, ndipo zimene imakusonyezani masiku ano ndi kulosera zomwe inuyo mungaonere mpaka kumapeto, osati chiweruzo cha luso.

Funso lalikulu ndi lakuti akuvotawo ndi ndani, ndipo akumva chiyani. The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, ili ndi malikisi oposa 80 peresenti pa Rotten Tomatoes. Nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu ndi yokhudza mtima, njala ya m'filimumo imaluma zenizeni, ndipo ndimayamika kuti Ejiofor anasankha kuijambula ku Malawi ndi kuika Chichewa m'kamwa mwa anthu ake. Komabe wolemba ndemanga wa ku London ankawerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi mwa kanema, pamene ife tinkamvetsera. Ejiofor mwini, Maxwell Simba wa ku Kenya ndi Aïssa Maïga anaphunzira mawu awo mwakhama, koma khutu la munthu wa ku Katete kapena ku Mchinji limamva kuti mawu akukwera pamalo otsika, ndi kuti bambo akukalipira mwana wake ndi lilime la mlendo. Akalankhula mnzawo Lily Banda, nyumbayo imakhala ya kwathu mwadzidzidzi. Kalankhulidwe ndi theka la ntchito ya wochita sewero, ndipo theka limenelo silinalowe m'nambala ija chifukwa ambiri oweruzawo analibe khutu lolimvera.

Mafilimu a Rungano Nyoni, amene anabadwira ku Lusaka n'kukulira ku Wales, ndi amene amasokoneza oweruza onse awiri. I Am Not a Witch ya mu 2017 inamupatsa mphoto ya BAFTA mu 2018, ndipo akatswiri akunja anaikweza kuposa 90 peresenti. Chithunzi chake chachikulu chimamveka ngakhale injini ikubangula: amayi onenedwa ufiti amangidwa maliboni oyera kumsana kuti asauluke, ndipo malibonowo akulungidwa pa zikulungo zazikulu pamwamba pa lole. Kamtsikana Shula, kamene Maggie Mulubwa anasewera, kauzidwa kuti kakadula liboni kasanduka mbuzi. Apa palibe chofuna kumasulira. Koma Nyoni amaimitsa kamera pankhope ya mwanayo kwa nthawi yaitali osanena kanthu, amadula zochitika nkhani isanathe, ndipo sakuuzani nthawi yoseka ndi yolira. Ndikukhulupirira kuti m'basi anthu angayambe kudandaula asanafike ku Rufunsa, ndipo angalakwe, chifukwa kuchedwako ndi komwe kumakupatsani mpata woona kuti a Banda, mkulu wa boma amene Henry B.J. Phiri anasewera, akuseketsa ndi kuopsa pa nthawi imodzi pamene akuyendetsa mwanayo ngati katundu wamalonda.

On Becoming a Guinea Fowl, imene inapatsa Nyoni mphoto ya wotsogolera filimu m'gawo la Un Certain Regard ku Cannes mu 2024, imaonetsa mbali ina. Mayi wachitsikana apeza mtembo wa amalume ake Fred pamsewu usiku, kenako maliro ayamba, ndipo pang'onopang'ono zimene malumeyo ankachita atsikana a m'banjamo zikuwululika. Woonera wakunja angaone amayi ogona pansi m'nyumba ya maliro, kulira kofika nako pakhomo ndi kuzunzidwa kwa namfedwa ngati zodabwitsa zimene wolemba anapeka. Aliyense amene anagonapo pamaliro ku Woodlands kapena ku Chelstone amadziwa kuti zambiri mwa izo ndi mwambo weniweni, ndipo luso la Nyoni lili pa kusankha pomwe angapitirize pang'ono chabe. Kusiyanitsa chenicheni ndi chowonjezera n'kotheka kwa ife okha, komabe ndife amene sitilemba ndemanga.

Tikalemba, kawirikawiri timagwa m'dzenje lina, loweruza ndi mbendera. Can You See Us? ya Kenny Mumba, yochokera pa moyo wa woimba John Chiti, itafika pa Netflix mu 2023, kuinena molakwika kunali ngati kunyoza dziko. Nkhani ya mwana wachialubino wokanidwa ndi bambo ake ndi yofunika, ndipo Thabo Kaamba anasewera ubwana wa mwanayo, Joseph, mogwira mtima. Koma kwa ine filimuyi imadalira kwambiri nyimbo kuti itulutse misozi pamalo pamene chithunzi chikanakwanira, ndipo anthu ake oipa ndi oipa mbali zonse. Kunena zimenezi sikuchotsa ulemu wake. Wojambula amene amangomva kuti "ndi yathu, tiyeni tiichirikize" sangadziwe choti akonze m'filimu yotsatira.

Ine ndikafuna kudziwa ngati filimu ndi yoyenera madzulo anga, nambala ndimaiona komaliza. Ndimaonera chiyambi chake mawu nditazimitsa, monga wokhala mpando wakumbuyo, kuti ndione ngati ndingadziwe amene akufuna kanthu ndi amene akumutsekereza. Kenako ndimabwezera mawu n'kuyang'ana kumbali, kumvetsera ngati anthuwo akulankhulana kapena akungolakatula zoloweza. Ndikapeza wolemba ndemanga, ndimafuna amene ndimadziwa kale zokonda zake, ngakhale amene timatsutsana nthawi zonse, pakuti kukana kwake kumandiuza zambiri kuposa avereji ya anthu osaoneka. Ndemanga zakuthwa kwambiri mu Lusaka zimamveka m'masaluni a ku Kabwata m'mawa wotsatira gawo la sewero la Mpali pa Zambezi Magic, pamene amayi akutsutsana ngati mkazi wa Nguzu wa m'seweromo angayankhedi mwamuna wake motero pamaso pa akazi anzake.