Ndime 208 imatseka pakamwa pa yani?

Ku Rugare, komboni ya ogwira ntchito panjanji mumzinda wa Harare, kuli ana ndi zidzukulu zambiri za Amalawi. M'malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013, ndime imene inawakhudza msanga ndi 43, yomwe inabwezera unzika anthu obadwira m'dzikomo kwa makolo ochokera m'mayiko a SADC. Koma kholo limene mwana wake walowa usilikali liwerengenso ndime 208.

Kachigawo kachiwiri ka ndimeyi kakuti achitetezo, pogwira ntchito yawo, asakondere chipani, asachithandize, asachiponderezenso. Kachitatu kakuwaletsa kutenga mbali kapena udindo m'chipani. Taonani: kuvota sikunaletsedwe, ndipo ndime 61, ya ufulu wolankhula, ikunena za munthu aliyense. Chamangidwa apa ndi yunifomu. Ine chiletsochi ndikugwirizana nacho, pakuti wamfuti akati "voterani uje", limenelo si pempho ayi.

Ndimeyi sisiyanitsa maudindo, ikumanga msilikali wapageti ndi jenerali mofanana. Komatu pa 13 November 2017, mkulu wa asilikali Constantino Chiwenga anaitanira atolankhani ku balakisi ya King George VI, akuluakulu anzake atakhala m'mizere pambali pake, n'kuchenjeza ZANU-PF kuti ileke kuchotsa m'chipani anthu amene anamenya nkhondo ya ufulu. Nkhani za m'nyumba ya chipani chimodzi, atavala yunifomu, m'kati mwa mpanda wa asilikali! Anabisala kuseri kwa ndime 212, imene imapatsa asilikali ntchito yoteteza dziko ndi kusunga malamulo aakuluwo. Nanga 208 si mbali ya malamulo omwewo? Munthu angawasunge bwanji akuswa ndime ina?

Pa 15 November magalimoto ankhondo anali m'misewu ya Harare, pa 21 pulezidenti Robert Mugabe anatula pansi udindo, ndipo patangopita masiku woweruza George Chiweshe wa kubwalo lalikulu anagamula kuti asilikaliwo sanalakwire lamulo. Ndime 212 inameza 208.

Komabe mawu olembedwa saola msanga. Mu October 2023 pulezidenti Emmerson Mnangagwa anaika Jenerali Philip Valerio Sibanda mu Politburo ya ZANU-PF. Maloya ndi omenyera ufulu wa anthu anatchula kachigawo kachitatu kaja, ndipo posakhalitsa ganizolo linabwezedwa.