Chaputala Chimene Ambiri Achilumpha

Powerenga buku la Nehemiya, ambiri azizwa kuti linga la Yerusalemu linamangidwa masiku 52 okha, koma chaputala 3 achilumpha, nati ndi maina chabe. Ife tiyesa kuti nzeru ya mtsogoleriyo ioneka momwemo. Iye anayamba wazonda linga usiku, nadziwa kukula kwa ntchito asanaitane anthu. Pamenepo ntchito inagawidwa: ansembe anamanga Chipata cha Nkhosa, ena anamanga pandunji pa nyumba zao, pakuti munthu samanga mwaulesi khoma lotchinjiriza ana ake. Sanibalati atamuitana kanayi ku chigwa cha Ono, anakana kusiya linga. Tsono inu akulu a mpingo ndi nyakwawa, musanameme anthu, kodi yense adziwa gawo lake?