Mmisiri Amene Anajambula za M'nyumba

Pamene tiyenda m'njira za ku Ndirande kapena ku Bangwe, timaona amayi ali pakhonde, atawerama pa makina osokera kufikira dzuwa litapendeka. Tingowapitirira osacheuka, pakuti tinazolowera. Koma kunali munthu ku dziko la France, dzina lake Édouard Vuillard, amene anayesa ntchito yotere yoyenera kujambulidwa ndi utoto.

Iyeyu anabadwa m'chaka cha 1868 ku Cuiseaux, nakulira mumzinda wa Paris. Atamwalira atate wake, banja linadalira singano ya amayi ake, amene anasoka zovala za akazi m'nyumba mwawo momwemo. Vuillard sanakwatire, anakhala ndi amayi akewo kufikira anamwalira mu 1928. Chifukwa chake zithunzi zake zokoma koposa zili za gome, nyali, nsalu ndi akazi osoka.

Tiyeni tipenye chimodzi cha izo, chojambulidwa mu 1893, chimene chisungidwa ku New York. Amayi akhala pakati pa chipinda, atavala zakuda, manja pamaondo, olimba ngati tsinde la mtengo. Pambali paima Marie, mlongo wa mmisiriyo, atawerama ndi kutsamira khoma. Khomalo nlomatidwa pepala lamaangamaanga, chovala chakenso nchamaangamaanga, kotero kuti diso livutika kupeza potha nsalu ndi poyamba khoma.

Wina adzati mmisiri analephera, popeza sanalekanitse munthu ndi chipupa. Ife titi apa ndi pamene pali nzeru yake. Mwana wamkazi wokhala chete, wogwira ntchito masiku onse wosafunsidwa maganizo ake, asanduka ngati chimodzi cha ziwiya za m'nyumba, ndipo abale ake aleka kumuona. Vuillard anakonda amayi ake ndithu, koma sanabise kuti ngakhale nyumba ya chikondi ikhoza kumeza munthu.

Komabe sitiyamika ntchito yake yonse mofanana. Atatchuka, anthu achuma anamuitana awajambule m'nyumba zawo zazikulu, ndipo iye analemba bwino lomwe mpando uliwonse ndi buku lililonse. Zithunzi zimenezo zitionetsa katundu wambiri, koma sizilasa mtima monga zija za m'chipinda chosokera. Tiganiza kuti dzanja lake linanena zoona koposa pamene linajambula anthu amene anadya nawo mbale imodzi.

Anamwalira mu 1940 ku La Baule. Tsono ife, amene nyumba zathu zambiri ku Chilomoni ndi ku Zingwangwa zili za zipinda ziwiri kapena zitatu, tisanene kuti mulibe kanthu kopenya m'menemo. Madzulo ano, nyali ikayaka, tiyang'ane amene wakhala pangodya akusoka chitenje kapena kusankha nyemba, timuitane ndi dzina lake, ndi kumfunsa chimene chili mumtima mwake.