Ng'oma ya Mimbulu

Mbalule ilire, mpanje uvomere! Tikutamanda inu a Mmbulu, a Mawangamawanga, olembedwa m'mabuku a sayansi kuti Lycaon pictus. Aliyense ndi mawanga akeake, palibe awiri ofanana. Inu a Makutu-tcheru, a Mchira-woyera-kunsonga, a Zala-zinayi, othamangitsa nswala mpaka mpweya kuithera!

Inu a Sadya-okha! Kwa mikango mwininkhondo amayamba kukhuta, ana nkumadikira zotsala. Kwanu ayi. Nyama ikagwa, akuluakulu amapatuka kuti ana ayambe. Nanga mlonda wotsala ku una, mayi woyamwitsa, mnzanu wotsimphina? Onsewo mumawasenzera nyama m'mimba, mukafika nkuwasanzira kuti adye. Ana asukulu, apa tcherani khutu: kawirikawiri m'gulu lonse amabereka ndi atsogoleri awiri okha, bere limodzi ana ngati 10. Otsalawo, amalume ndi azakhali ndi achimwene, ntchito yawo nkulera. Sakutaya mphamvu pachabe, pakuti magazi a anawo ndi awo omwe, ndipo mwana wa mbale akakula mbewu yawo yapita patsogolo.

Inu a Oweruza-ndi-mphuno! Ku Okavango, m'dziko la Botswana, akatswiri anakuonetsetsani, nalengeza mu 2017 kuti musananyamuke kukasaka mumasonkhana nkumayetsemula. Etsi! Etsi! Akadzutsa gulu mtsogoleri, kuyetsemula katatu kokha ulendo wapsa. Akadzutsa wamba, pamafunika kuyetsemula kokwana ngati 10. Ulemu wa mfumu ulipo ndithu, koma ine chondisangalatsa nchakuti wamng'ononso akapeza omuvomereza, gulu limanyamuka.

Inu a Obwerera-kwawo! Munali mutasowa m'nkhalango zathu, ndiye mu 2021 munatera pandege muli 14, kuchokera ku South Africa ndi ku Mozambique, 8 ku Liwonde, 6 ku Majete. Munaswana, ifenso tinasangalala. Ng'oma itsike mawu tsopano. Mu 2022 poizoni anapha mimbulu 18 ku Liwonde, gulu lonse psiti! Odyera pamodzi, omwera pamodzi, anagonanso pamodzi. Mu Africa monse mwatsala pafupifupi 6,600, misampha ya waya ndi chiwewe zikukupululani, mikango ikukupherani ana, afisi akukulandani nyama.

Inu a ku Majete, inu a ku Luangwa, a Olera-ana-a-mbale, dzukani m'bandakucha, yetsemulani, nswala zatsikira kudambo!