Kufunya ndi Kufunyulula: Kodi Mawuwa Akuyenera?

Serialization ndi kusandutsa zinthu za m'pulogalamu ya kompyuta kukhala mndandanda wa zizindikiro woti usungidwe kapena utumizidwe. Deserialization ndi kuzibwezera mwakale. Ena akonda kumasulira mawuwa kuti "kufunya" ndi "kufunyulula". Kunena zoona, mawuwa ngokoma m'khutu, koma akusocheretsa. Mkeka ukafunyululidwa umabwerera wathunthu, pamene zinthu za m'pulogalamu sizitero nthawi zonse. Mwachitsanzo, JSON, imene malamulo ake adasindikizidwa mu RFC 4627 m'chaka cha 2006, ilibe njira yakeyake yosungira deti. Detilo limasanduka malemba wamba, ndipo pulogalamu yolandira iyenera kulizindikira payokha. Choncho tikupempha alembi ndi aphunzitsi kuti aganizire mawu akuti "kundandalika" ndi "kumanganso", popeza womanganso amadziwiratu kuti ntchito ikadalipo.