Mtchona wathu salowa mumgodi

M'nkhani zathu zazifupi ndi m'masewero a pa wailesi, mtchona timamuona kawiri kokha: akunyamuka, kenako akubwera ndi njinga ndi bulangete, kapena chimanjamanja. Pakatipo pali zii. Ine ndimati pamenepa olembafe timachita ulesi.

Taganizani za Francistown ku Botswana, tauni yafumbi imene idakula chifukwa cha golide wa m'mbali mwa mtsinje wa Tati. Ndege za Wenela zinkatula amuna athu kumeneko pa ulendo wa ku Joni. Pa 4 Epulo 1974 ndege ina idagwa itangonyamuka, n'kupha Amalawi 74 obwerera kwawo, ndipo Kamuzu adaimitsa Wenela. Kodi mudawerengapo nkhani ya Chichewa yochitikira m'tauni imeneyi?

Kuno ku Kabwazi agogo ena amene adagwira ntchito m'migodi akali moyo, akutsokomolabe. Ife timangowasandutsa phunziro la bambo wothawa banja, osawafunsa za moyo wa m'komponi, za kutentha kwa pansi, za Chifanakalo chimene ankalamulidwa nacho.

Anzanga olemba, mafoni athuwa amajambula mawu. Tiyeni tikakhale nawo pakhonde agogowa asanatisiye.